Kadi Ali Nayo, Mudzi Alibe

Pa siteji ya basi pa Bangula, dzuwa likuswa mtengo, Clotilda anakhala pa mtolo wa zovala, khanda lili kumsana. Mayi wina wa dengu la milamba anasendera kuti agawane mthunzi.

"Ulendo wa kuti, amayi, ndi katundu yenseyu?" anafunsa wa milambayo.

"Kaya. Amuna anga tinaika mwezi watha ku Chikwawa. Abale awo andilanda munda, akuti kwa Amang'anja mwana ndi wa kuchikazi, ndipite naye kwa Asena anzanga."

"Nanga osangopita kwanuko bwanji?"

"Ndikuchokera komweko, ku Nsanje. Alongo anga akuti malowolo anadya kale, kwa Asena mwana ndi wa kuchimuna. Sangalere magazi a eni."

"Kalanga ine! Chonsecho pa wayilesi amati tonse ndife Amalawi."

"Amalawi? Kadi ya chipani ndinamugulira ali m'mimba, achinyamata atanditsekera chipata cha msika. Kadi ali nayo, mudzi alibe."

"Anthu alibe chisoni. Ine kwathu munda wangomera tchire, wolima palibe."

"Amayi, khasu ndimalidziwa. Nditengeni ndizikakulimirani, mwanayu angokulako pa anthu."

"Aa, zikanatheka. Kungoti kwathu ndi kwa Amang'anja enieni, sitinasakanizepo. Mawa akadzakula n'kufunsira mdzukulu wanga, ndidzati chiyani?"

"Mwana woti sanamere n'mano omwe, amayi?"

"Eya, komabe Msena ndi Msena."

"Msena? Pitani mukawauze zimenezo ku Nsanje. Mwina inuyo akakumverani."