Mfuti Yosalira ya Amake Hazel

Chrissie anali atapempha Julius, kalipentala wa ku Zambia amene ankapemphera naye mpingo umodzi, kuti adzatseke mpata wa pachitseko chakuseri pomwe pankalowera makoswe. Koma Loweruka limene Julius anafika kunyumbako ku Braunstone, kudziko la azungu, za makoswe Chrissie anali ataiwaliratu, poti akuba anali atangothyola kwa a Mehboob mumsewu womwewo, ndipo mwamuna wake anali ku Loughborough, kuntchito yogonera konko.

"Khalani pansi, a Julius," anatero Chrissie, akukoka katani ya pawindo la kukhitchini. Anatsitsa mawu. "Hazel ali m'chipinda cham'mwamba, asamve. Ine ndaganiza mofatsa, ndipo musandiletse. Ndikufuna gani. Mfuti."

"Ya mtundu bwanji, amake Hazel?"

Chrissie anali atakonzeka kukangana, mayankho ali kale kukamwa.

"Simukudabwa?"

"Nidabwe chani? Nili nazo zitatu mu vani."

"Zitatu! Inu amene mumaimbitsa kwaya?"

"Zinali folo. Imodzi anabwereka abusa."

Chrissie anagwira mpando. "Abusa athu omwewa?"

"Eee. Kunali vuto ku toileti ya kutchalitchi. Anathana nalo okha, Sande isanafike."

"Mayo ine! Kodi n'chifukwa chake a Absalom sakuonekanso ku mapemphero?"

"A Absalom ndiye anayambitsa vutolo."

Chrissie anatseka maso n'kuwapepesa a Absalom mumtima, poti anali atawanena kuti abwerera m'mbuyo. Kenaka anatulutsa foni. Mchimwene wake wa ku Dallas anali atamutumizira mavidiyo a azungu andevu akufotokoza za mfuti, ndipo iye anali atawaonera onse m'basi popita ku shifiti.

"Achimwene akuti nkhani yagona pa saizi. Akuti ndisankhe pakati pa naini milimita ndi fote-faifi."

"Achimwene anu asokoneza vinthu," anatero Julius, akupukusa mutu. "Naini milimita ni saizi, yabwino pa chitseko. Fote-faifi ni kagwiridwe. Mumaipendeketsa so." Anapendeketsa dzanja.

"Ngati m'mafilimu muja!"

"Kaya. Ine mafilimu sinipenya."

"Koma naini ikwanira? Paja akuti sabwera mmodzi."

"Iyayi, sabwera umodzi. Uyo akapeza njira, amaitana banja lonse. Atate, amake, na tuana."

"Mpaka ana? Koma dziko latha."

"Tuana ndiye toipa maningi. Tumalowa olo pa kampata so." Anasonyeza ndi zala ziwiri.

"Ndinamva. Akuti amalowetsa tianato pawindo la kubafa."

"Ku bafa mufunika thwelofu."

"Ndikawomberenso kubafa?"

"Ku bafa ndiye kofunika. Kuzungulira konse, osasiya malo."

Chrissie analemba m'foni kuti thwelofu, bafa. Iye anabadwira ku Ndirande. Sakanalola kuthamangitsidwa m'nyumba ndi tianyamata ta ku Braunstone.

"Nanga laisensi? Ndiyambira kuti?"

"Laisensi ya chani? Mumangolowa mu shopu, mwanyamula, mwaika mu trole."

"A Julius, musandinamize. Dziko lino munthu amalipira laisensi ya TV."

"TV ni TV. Iyi olo Hazel angagule."

"Hazel muchotsenimo! Nanga apolisi?"

"Kuli wapolisi wina ku Wigston. Ninamuchitira nyumba yonse, pansi na pamwamba. Ananipatsa tiyi na bisiketi."

"Anali m'nyumbamo?"

"Anali kunigwirira tochi."

Chrissie anadzithirira madzi m'kapu n'kumwa onse. Zaka zonsezi akusambitsa nkhalamba m'dziko lino, ankayesa akulidziwa. Kani anzake ankakhala moyo wina.

"Chabwino. Koma phokoso. Khoma ili ndi lopyapyala, mayi wa mbali inayo amamva ngakhale ndikamasenda anyezi."

"Silira."

"Mfuti yosalira?"

"Imangoti fyooo. Ni silikoni."

"Eyaa! Achimwene anaitchula imeneyo. Sailensa."

"Silikoni."

"Ndi zomwezo, inu mwangotchula Chizambiya."

Julius anaisiya nkhaniyo. Anali munthu wosakonda mikangano ndi makasitomala.

"Manje mufuna yoyera kapena yosaoneka?"

"Iliponso yosaoneka?"

"Iyo ndiye yabwino m'nyumba ya lendi. A khonsolo akabwera kuyendera, saona kanthu."

"Yosaonekayo. Ndipo ndikadzawombera, kenako ndidzatani? Ndiimbe naini-naini-naini kupolisi?"

"Muimbire chani? Mumangosiya. Musagwire, musapondepo, mpaka mailo."

"Tsiku lathunthu? M'khitchini mwanga muno?"

"Kuti iume bwino."

"Nanga fungo?"

"Fungo ilipo pang'ono, monga viniga. Mutsegule chabe mawindo."

"Ambuye Yesu!" Chrissie anadzipepesa ndi thaulo la mbale. "Ine ndaona mitembo kuntchito, koma yathu imanyamulidwa tsiku lomwelo."

"Mitembo? Aaa, iyayi, amake Hazel. Sakufa."

"Safa?"

"Amangobwera, anunkhiza, aona kuti pano palibe njira, apita kwa aneba."

Apa Chrissie anapumako, ngakhale anakhumudwanso pang'ono. "Ndiye bola. Ine sindifuna magazi a munthu pamutu panga. Angophunzira basi."

"Koma chinsinsi chili pa chala," anapitiriza Julius, tsopano atatenthedwa ndi luso lake. "Mukangotsiriza, musachedwe. Muviike chala mu sopo wa mbale, musisite. Pang'onopang'ono, kuchoka pamwamba kufika pansi."

"Ndisisite?"

"Mwachikondi."

"A Julius! Ine ndine mkazi wa mwini! Ndimusisite wakuba?"

"Osati wakubayo. Uyo amaluma."

"Amalumanso?"

"Nanga buledi wanu anadya na chani?"

"Buledi wanji? Kwa a Mehboob atenga TV, laputopu ndi njinga!"

Julius anayang'ana mpata wa kunsi kwa chitseko. Anayang'ana Chrissie. Anagwada, n'kuyeza mpatawo ndi chala.

"Njinga siingapite apa," anatero motsimikiza.

"Anathyola windo!"

"Makoswe?"

"Makoswe ati? Akuba! Anthu! A miyendo iwiri, ovala zipewa!"

Julius anadzuka n'kutuluka. Chrissie anamva chitseko cha vani chikutseguka. Anaimirira, anakonza duku, anapukuta manja m'chitenje, kukonzeka kulandira chida. Julius anabwerera n'kuika patebulo kachitsulo kofiira kokhala ndi chokhethemulira, m'kati mwake muli chubu cha pulasitiki cha kamlomo kosongoka.

"Ichi n'chiyani?"

"Gani. Yomatira mipata. Azungu amaitcha gani, sindine ninayamba."

"Ndi yotereyi imene anabwereka abusa?"

"Sinki inachoka ku khoma. A Absalom anaitsamira. Manje achita manyazi kubwera."

Chrissie anachiyang'ana chinthucho nthawi yaitali. Anakumbukira kuti dzulo lake anali atalengeza pa gulu la WhatsApp la amayi a mpingo kuti pofika Lamulungu nyumba yake idzakhala ndi mfuti, ndipo amayi anayi anayankha kuti ameni. Anachinyamula. Chinali cholemerako ndithu. Anachipendeketsa fote-faifi n'kulozetsa kwa Julius.

"Iyayi! Iyayi!" Julius anakweza manja onse awiri, n'kubwerera m'mbuyo mpaka anagunda filiji. "Musaloze kuno! Iyo siichoka pa jekete!"

"Tabwerezani."

"Siichoka! Olo muchape bwanji!"

Chrissie anaona bambo wamkulu, wa ndevu zake, manja ali m'mwamba, maso ali tong'o. Anamwetulira koyamba chithyolereni akuba kwa a Mehboob.

"Mwaonatu. Ikugwira ntchito. Ndi imene ndimafuna."

"Simunafune iyi, amake Hazel. Imwe munali kukamba za..."

"Ndinati mfuti yosalira, yosapha, yopanda laisensi. Ndanama?"

"Ivo ninakamba ndine."

"Ine ndinavomera. Tsitsani manja."

Julius anatsitsa manja pang'onopang'ono. Nkhani ya akuba ija, imene inali ikuzungulirabe panja pa mutu wake, tsopano inapeza khomo n'kulowa.

"Imani. Mwati akuba enieni? Mu msewu uno?"

"Lachinayi, dzuwa likuswa mtengo."

"TV, laputopu, njinga. Chabe?"

"Ndi zipangizo zonse za m'vani ya mwana wawo. Akuti mavani ndiye akuwasaka kwambiri."

"Mavani!" Julius anathamangira pawindo n'kukankha katani. Yake inali pomwepo, chitseko chakumbuyo chili yasa. "Ine nikhala kuseri kwa msewu uno! Vani imagona panja! Diriilo, macheka, makina ya matailosi, moyo wanga wonse uli muja!"

"Pepani."

"Amake Hazel, nipatseni namba ya achimwene anu. Manje manje. Anati chani? Naini milimita? Fote-faifi? Nifuna zonse ziwiri. Zenizeni, zolira!"

Chrissie anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Mfuti, a Julius? M'dziko la eni ake, lomwe salola olo kampeni m'thumba? Mukufuna atikweze ndege tonse? Munthu wamkulu muziganiza musanalankhule. Tagwirani chitsekocho ndiwombere."