Mfuti Yopanda Dzina la Bambo Merle Yingling

Bambo anga, a Merle Yingling, ndinawaona komaliza ali moyo Lachitatu lapitali m'chipatala. Anandigwira dzanja nati: "Iwe wothawa sukulu, sendera kuno. Mfuti ndaiika mpope watsopano ija, polowa chipolopolo ndinaboola mopitiriza, manja ankanjenjemera. Munthu asaiwombe." Ndinawafunsa kuti ndi ya ndani. Anayesetsa kukumbukira, dzina silinabwere, kenako anagona.

Malemu anabadwa m'chaka cha 1958 kuno ku Clearfield, m'chigawo cha Pennsylvania. Atamaliza sekondale anapita ku koleji ina ku Colorado komwe anaphunzira kukonza ndi kupanga mfuti kwa zaka ziwiri. Atabwerako sanaleke kuphunzira. Nyengo yotentha ikafika ankatseka shopu n'kupita ku maphunziro aafupi, chaka china osema matabwa a mfuti, china ozokota maluwa pachitsulo. Ankakhala benchi limodzi ndi anyamata amsinkhu wanga, osachita manyazi.

Mu 1989 anakwatira mayi anga, a Lorna, ku mpingo wa Lutheran womwe uno, kumene atumikira ngati mkulu wa mpingo mpaka kudwala kwawo.

Ine ananditumiza ku koleji yawo yomwe ija. Ndinakhalako chaka chimodzi n'kubwerera. Kuyambira pamenepo sanandilolenso kukhudza makina awo. Ntchito yanga inali ya tsache basi. Komabe m'mawa uliwonse ndinkapeza khofi wanga ali kale pambali pa wawo.

Ambiri a inu mukudziwa kagwiridwe kawo ka ntchito. Mfuti iliyonse yomwe aiika mpope watsopano ankaimangirira pa tayala kuseri kwa shopu, iwo n'kubisala kuseri kwa khoma, n'kuiwombetsa pokoka chingwe. Ikapirira, ndi pomwe ankadinda dzina lawo pampope. Yosayesedwa sinkatuluka pakhomo, ngakhale mwini wake akalipe bwanji.

Matenda a m'mapapo anawayamba chaka chatha. Anagwirabe ntchito mpaka mwezi watha pomwe anagonekedwa. Ali m'chipatala, malume anga a Denny anatsegula shopu n'kubweza mfuti zonse kwa eni ake kuti asaphonye nyengo ya ulenje. Anachita mwa chifundo, sindikuwaimba mlandu. Koma sakukumbukira kuti iti inapita kwa ndani, ndipo mfuti yosayesedwa ija inatuluka limodzi ndi zinazo. Ndaimbira aliyense amene ndikumudziwa. Sinapezeke.

Choncho ndikupempha abusa andikhululukire, pakuti izi sizoyenera kunenera pamanda. Amene munatenga mfuti kushopu mwezi uno, mukafika kunyumba mukaone pampope. Ngati mpopewo ndi watsopano koma palibe dzina la Yingling, musakaikemo chipolopolo, ingakuphulikireni kumaso. Musapatsenso mwana wanu. Mubweretse kwa ine. Digiri ndilibe, koma anzawo a malemu alonjeza kuti aikonza. Muuzenso anzanu amene sanabwere kuno.

Bambo anatisiya Lachinayi, pa 21 Novembala, ali ndi zaka 66. Asiya mkazi wawo a Lorna, ana awiri, a Renee ndi ine Colby, mdzukulu mmodzi ndi mchemwali wawo a Joyce. Ntchito yawo sinavulazepo munthu. Tithandizeni kuti apumule mu mtendere.

Nyengo ya ulenje wa agwape iyamba Loweruka, pa 30 Novembala. Mfutiyo ipezeke tsikulo lisanafike.