Lilime Limene Linakhotetsa Msewu

Bwana mkulu wa nthambi yathu ya zamisewu, Bambo Kholmat; akuluakulu amene mwachokera ku mzinda wa Termez; ana ndi zidzukulu za Mayi Tursunoy; anzanga nonse: landirani moni. Mpunga ukuzizira, choncho sinditalikitsa.

Mayi Tursunoy, ntchito yanu inali kuima pambali pa makina oboola nthaka msewu usanamangidwe, n'kumaona ngati pansipo pagona zinthu za makolo. Ena amaona ndi maso. Inu mumanyambita. Ndinu munatiphunzitsa kuti fupa lakale limamata pa lilime, pamene mwala sumata. Mutangoyamba ntchito munaimitsa makina chifukwa cha phale limene munati ndi lakalekale. Wophika tiyi anafika n'kunena, "Achemwali, mukatha kunyambita mundibwezere. Ndi kapu yanga imeneyo, ndinaswa dzulo."

Sekani ndithu, koma mumve izi. Chaka chimene tinkayeza msewu wa kumapiri, chitsulo choboolera chinatulutsa kanthu kotuwa pa chitunda china. Munanyambita, kanamata. Munalamula kuti injini izimitsidwe. Injiniya wa pamalopo, amene lero akhala pa mpando waulemuwu, anabwera akuthamanga.

"Achemwali, fupa la nkhosa limenelo! Chisanu chayandikira. Mukapanda kuchoka pamenepo, mawa ntchito mulibe."

"Nkhosa za kwanu zimavala mikanda?" munawafunsa, mutatambasula chikhatho kuwaonetsa mikanda imene inatuluka pamodzi ndi fupalo. "Mudzandichotse mawalo. Lero ndakhala pano."

Munakhaladi, pakamwa penipeni pa dzenjelo, mphepo ikukuombani, ana anu ali aang'ono ndipo wowadyetsa wina kunyumba kulibe. Akatswiri atabwera n'kukumba mosamala, anapeza manda a anthu amene ankalima chigwa chino midzi yathu isanakhale ndi mayina. Mapu anajambulidwanso. Msewu unakhota. Madalaivala amatukwana akafika pakona imeneyo. Atukwane! Akufawo akugonabe pamene abale awo anawagoneka, ndipo amene anasainira kuti msewu ukhote ndi injiniya yemwe uja, Bambo Kholmat omwewa.

Mayi Tursunoy, nthambi ino ikukuthokozani chifukwa cha zaka zonse zimene munapirira fumbi, dzuwa ndi ukali wa mabwana. Pitani mukapume mumthunzi wa mphesa zanu, zidzukulu zikuthirireni tiyi.

Bambo Kholmat, mawa lija lafika tsopano, mayiwa akuchokadi. Mwaulemu ndikupempha kuti muimirire, muyambe ndinu kuwomba m'manja, ife tonse titsatire!