Liwiro la Apongozi

Overtone anajomba maliro a amalume a mkazi wake ku Chanyanya ponena kuti akudwala malungo, koma tsiku lomwelo anthu anamuona akukuwirira mpira m'bala ya pamsika wa Kafue. Atamva kuti apongozi ake akubwera Loweruka kudzakamba nkhaniyo, anaganiza zochoka asanafike. Mmawa wa tsikulo, atabwera kogula buledi, anakhala pakhonde n'kuitana mkazi wake Dainess, amene ankachapa.

"Amake Tracy, tiyeni tiwerenge. Munthu wanyamuka ku Chanyanya seveni koloko, wakwezedwa pa njinga."

"Munthu ndani?"

"Munthu chabe. Wa m'masamu."

Dainess anafinya malaya nanena kuti ku Chanyanya anakulira konko, ndipo kulibe banja la a Masamu.

Overtone anapumira m'mwamba. Anafotokoza kuti ulendowo tiuyese makilomita twente-folo, njinga ikuyenda eyiti pa ola, ndiye kuti maola atatu. Munthuyo afika teni koloko, iye achoka hafu naini, ndipo tiyi amwa mosathamanga.

"Njinga ya ndani?" anafunsa Dainess.

"Iliyonse."

"Ngati ni ya ba Derrick, ilibe cheni."

"Ili nayo cheni! Naiikira ine manje manje, m'mutu."

Dainess anamuyang'ana pamutu nthawi ndithu. Kenaka anafunsa ngati wopalasa njingayo wadya, chifukwa wanjala sangafike pa liwiro la eyiti. Overtone anati wadya. Dainess anafunsanso kuti wadya chiyani. Overtone anamenya tebulo, nati m'masamu anthu sadya, sapuma, sapatsana moni.

"Ndiye si wa kwathu," anatero Dainess.

Apa Overtone analeka zobisa, mawu n'kukwera. Anati munthuyo ndi amayi ake a Dainess. Anachotsa makilomita awiri pa liwiro chifukwa cha thupi lawo, nati twente-folo kugawa sikisi ndi maola anayi. Anawonjezera ola lina la miseche, poti mayiwo sadutsa mpanda wa munthu osasiyapo nkhani. Anawerenga pa zala mokondwa.

"Thwelofu koloko. Nshima nizadya pano, na kugonako pang'ono. Nalakwitsa pati?"

Dainess anayesa yekha pa zala zake za thovu, milomo ikugwedera, navomera kuti masamuwo ali bwino, palibe polakwika.

Overtone anatambasula miyendo n'kukweza kapu. M'chipinda chochezera, kuseri kwa katani ya pawindo lotsegula, munthu anatsokomola chifuwa chachikulire, chosafulumira.

Kapu inaima m'malere.

"Ni ndani uyo?" ananong'ona.

"Ni amai. Anabwera na galimoto ya nsomba, imwe muli ku buledi."

"Nanga osaniuza?"

Dainess anayanika malaya pa chingwe, nawawongola bwinobwino.

"Bashi Tracy, imwe munafunsa za wa pa njinga. Uyo akali m'njira, azafika thwelofu."