Disiki Imodzi Ipite ku Ntchisi

Kutatsala masiku ochepa kuti alimi a fodya a bungwe la Tikolore Pamodzi, a ku Dowa ndi a ku Ntchisi, asankhe tcheyamani ndi voti kwa nthawi yoyamba, a Kalebe Kwenda, omwe anakhala pampandowo kuyambira nthawi ya chipani chimodzi mpaka mpando unawazolowera, anaitanitsa Rakele ku ofesi yawo ya pa Mponela. Rakele ndi mayi wa ku Lilongwe amene anadzatchera seva, kompyuta yaikulu yosunga maina a alimi onse ndi fodya amene aliyense wapereka, ndipo ndi munthu woti ukamutuma kukaona ngati nyemba zikupserera, amakaonadi, n'kubwera kudzakuuza kuti zikupserera.

"Munati m'bokosimu muli zingati?" anafunsa a Kwenda, akugogoda seva ndi chala.

"Madisiki awiri, a Tcheyamani."

"Ehee! Chotsanimo imodzi."

Rakele anawerama, n'kuyang'anitsitsa kutsogolo kwa bokosilo. Nkhope inasintha.

"Ndisanachotse, pali kanthu ndaona apa. Kanyali aka..."

"Mayi, imani pomwepo. Ofesi ino ili ndi mwambo wake. Ine ndifunsa, inu muyankha zimene ndafunsa. Zina ndi zina zimadikira msonkhano waukulu."

"Zimene mwafunsa basi?"

"Basi."

"Chabwino," anatero Rakele, n'kupinda manja.

A Kwenda analoza pazenera. Panja, pansi pa mtengo wa mango, panakhala bambo wina wowonda, dzuwa likuswa mtengo, iye atavala chisoti cha njinga yamoto.

"Mwamuona uyo? Ndi Stephano, mlembi wa mbali ya ku Ntchisi. Loweruka akufuna kundigwetsa pampando. Akuyenda m'mapiri monse kuuza anthu kuti a Kwenda amadya okha, kuti chilichonse chikabwera chimathera pa Mponela. Ndiye wamva kuti makinawa ali ndi madisiki awiri. Ine ndati chabwino, lero lomwe atenge imodzi, anthu ake aone kuti ndine munthu wogawa. Mavoti a ku Ntchisi ndikuwafuna, mayi. Popanda iwo ndagwa."

Rakele sanayankhe.

"Mwangoti duu bwanji?"

"Simunafunse kanthu."

"Aaa, chabwino. Awiriwo ntchito yake n'chiyani?"

"Chimene chalembedwa pa iyi, nthawi yomweyo chimalembedwanso pa iyo."

"Chomwecho?"

"Chomwecho, osasiyana ngakhale kadontho."

"Ndiye inayo imangobwereza zonena inzake?"

"Eya."

"Ilibe maganizo akeake?"

"Ilibe."

"Ha! Zimenezotu dziko linazikana pa riferendamu. Ano ndi matipate, mayi. Nthawi yongowomba m'manja mnzako akayankhula inapita."

"Kani inunso munavotera nyali, a Tcheyamani?"

A Kwenda anatsokomola, n'kukonza tayi.

"Voti ndi chinsinsi. Ndiponso wofunsa pano ndine. Tsono kubwerezako phindu lake n'lotani?"

"Imodzi ikafa, inzake imapitiriza ntchito. Palibe chotayika."

"Ikafa?"

"Eya, madisiki amafa."

"Ndiye inayo yangokhala pamenepo kudikira maliro a mnzake kuti ilowe chokolo?"

"Sidikira. Zimagwira ntchito limodzi."

"Koma mtima uli pamaliro."

"Ilibe mtima. Ili ndi timbale tozungulira."

"Mayi, munthu wokonzekera imfa ya mnzake mnzakeyo ali moyo, kuno tili ndi dzina lake, ndipo sitigona naye nyumba imodzi. Ichoke. Kodi disiki imafa ikakwera phiri?"

"Ayi, ikanyamulidwa bwino."

"Imafuna magetsi?"

"Kuti igwire ntchito, eya. Ku ofesi ya ku Ntchisi munandiuza kuti kulibe magetsi, kulibenso kompyuta."

"Sindinafunse za ku Ntchisi. Kuti ingokhala, imafuna magetsi?"

"Kuti ingokhala, ayi."

"Ndiye ikangokhala! Akaiike patebulo, aiyalire kansalu, alendo aziiona. Inu simudziwa kugawa zinthu za gulu. Azungu ena atatipatsa njinga yamoto, inabwera imodzi yokha, mbali zili ziwiri. Wina akanasokonezeka mutu. Ine ndinagawa bwinobwino: njinga pa Mponela, chisoti ku Ntchisi. Panali wodandaula?"

"Sindinalipo."

"Anadandaula pang'ono, koma anazolowera. Si uyo akuchivala mpaka lero? Msonkhano uliwonse amabwera nacho kumutu, n'kukhala kutsogolo, osanena kanthu. Chimenecho n'chiyamiko."

Njinga yamotoyo inali kuseri kwa ofesi, itakhazikidwa pa njerwa chichokereni matayala ake, ndipo nkhuku ya mlonda inali itaipeza kuti ndi malo abwino oikirapo mazira.

Rakele anatsegula chikwama, n'kutulutsa sikuludiraiva. A Kwenda anamugwira mkono mwadzidzidzi.

"Dikirani! Mwati zonse zili pa iyi zilinso pa iyo?"

"Ndatero."

"Ndi maina a alimi omwe?"

"Onse."

"Mayo ine! Mukanandipha. Malamulo a bungweli amati likulu lili kumene kukusungidwa maina a alimi, ndipo tcheyamani azichokera mbali ya likulu. Ndinalemba ndekha ndi dzanja ili, kuti a ku mapiriwo asamalote. Tsono maina akapitanso uko, likulu likhala kuti?"

"Malinga ndi malamulo anuwo, konsekonse."

"Konsekonse! Munamvapo mudzi wa manda awiri a mfumu imodzi?"

"Sindinamvepo."

A Kwenda anayenda kukafika kukhomo, n'kubwerera. Kenaka anamenya m'manja.

"Ndapeza! Mwa awiriwa wamkulu ndi uti?"

"Ndi ofanana kukula."

"Sindikunena msinkhu. Kubadwa."

"Anabwera tsiku limodzi, m'katoni imodzi."

"Ngakhale mapasa, mayi, wina amayamba kutuluka. Munayamba kuika uti?"

"Wapamwambayu."

"Wa kanyali kofiirayu?"

"Yemweyo."

"Mwaonatu! Ngakhale makina akudziwa ulemu. Mkulu wavala zofiira ngati ambuye bishopu, wamng'ono wavala zobiriwira ngati fodya wosakhwima. Ndiye nkhani yatha. Maina enieni ali mwa mkulu, ndipo mkulu atsala pano pa likulu. A ku Ntchisi atenge wobwerezayo. Ameneyo si maina, ndi mthunzi wa maina."

Rakele anakweza dzanja m'mwamba, chala chili njo.

"Tsitsani dzanja, sitili ku sukulu."

Dzanja linatsika.

"Kanyali kofiiraka kamayaka pa disiki ina iliyonse?"

"Ayi. Kamayaka pa yokhayo imene..."

"Basi! Pa yokhayo. Mwamva nokha. Ndipo kanayamba kuyaka sabata yatha, tsiku lomwe ndinalengeza kuti ndiimanso. Mukuganiza kuti zinangochitika?"

"Ndikuganiza kuti zinangochitika."

"Ndiye vuto la sukulu limenelo. Tamverani." A Kwenda anatsamiza khutu pabokosi. "Mukumva? Te, te, te, te. Akulira ndi uti?"

"Wapamwambayo."

"Winayo?"

"Ali phee."

"Eyatu. Wogwira ntchito amamveka. Ngakhale kumunda, khasu likamalira umadziwa kuti munthu akulima. Wachetechete uyo ndi mlesi, akuyeneradi ku Ntchisi."

Rakele anakwezanso dzanja, ulendo uno pang'ono chabe, kufika paphewa.

"Kodi muli ndi nthenda ya mkono?"

"Ndilibe."

"Ndiye masulani. Matola a ku Ntchisi akudzaza pamsewu apo, munthu asatsale."

"Ndichotse iti, a Tcheyamani? Nenani ndi pakamwa panu."

"Yobiriwirayo."

"Ya kanyali kobiriwira, yapansi, ndichotse. Ya kanyali kofiira itsale."

"Kodi ndiyankhule Chingerezi kuti mumve?"

"Ayi, Chichewa chomwecho ndamva."

Rakele anazimitsa seva, n'kumasula bwinobwino, pakuti pa ntchito ya manja analibe chilema. Anatulutsa disiki yapansi, n'kuiika m'kathumba kake, n'kuikulunga ndi chiguduli chofewa. A Kwenda anailandira ndi manja awiri, n'kukankha zenera.

"A Stephano! Tabwerani kuno. Mukawauze anthu a ku Ntchisi kuti Kwenda sadya yekha. Nayi disiki yanu, yathunthu, yosabenthuka. Loweruka akumbukire."

Stephano anabwera, n'kulandira, n'kuilowetsa m'thumba la mkati mwa jekete. Kenaka anavula chisoti chija pang'onopang'ono, n'kuchikhazika pazenera, n'kuthamangira kumsewu. Matola anali atadzaza kale. Anamukokera pamwamba pa matumba a feteleza, galimoto n'kunyamuka, fumbi koboo.

"Mwaona?" anatero a Kwenda, mano onse ali pamtunda. "Wavula chisoti. Nkhondo yatha. Ndale, mayi, sizifuna satifiketi. Yatsani makinawo, ndione maina a anthu anga."

Rakele anayatsa. Seva inalira te, te, te, kenaka inatulutsa kamluzu kakatali kosautsa m'khutu. Pagalasi la kompyutayo panatuluka mzere umodzi wa mawu, n'kuima pomwepo.

"Ikuti chiyani?"

"Ikuti sikupeza poyambira."

"Iyambire pa Dzoole, kalabu yanga."

"Sikupeza Dzoole."

"Iyambire pena paliponse!"

"Sikupeza paliponse."

"Mwina mkuluyu wakhumudwa kuti tamulanda wantchito. Mupatseni nthawi."

Anadikira. Kanyali kofiira kanangoti ndee. A Kwenda anatulutsa kansalu, n'kupukuta m'khosi.

"Zimitsani, muyatsenso."

Rakele anazimitsa, n'kuyatsanso. Te, te, te, ndi kamluzu komweko.

"Mayi," anatero a Kwenda, mawu atachepa. "Kanyali kofiiraka kwenikweni kamatanthauza chiyani?"

"Eee, zikomo a Tcheyamani, mwafunsa tsopano! Mtima unali kundiwawa. Kamatanthauza kuti disikiyo yafa."

"Yatani?"

"Yafa."

"Liti?"

"Malinga ndi zomwe mwanena, sabata yatha, tsiku lomwe munalengeza kuti muimanso."

"Nanga kulira kuja? Te, te, te?"

"Ndi mmene zimalirira zikafa."

"Koma makinawa amagwira ntchito! Dzulo lomweli talembamo fodya wa kalabu ya kwathu!"

"Amagwira chifukwa cha inayo. Sabata yonseyi imasenza yokha."

"Mlesi uja?"

"Yemweyo."

"Wodikira chokolo uja?"

"Anali atalowa kale."

A Kwenda anakhala pansi, mwamwayi mpando unali pomwepo.

"Inu mayi inu! Mumadziwa zonsezi?"

"Chilowereni pakhomo."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinayamba kunena, munati zidikire msonkhano waukulu. Ndinakweza dzanja, munati si sukulu."

"Koma nkhani ya imfa! Nkhani ya imfa imadikira msonkhano? Mukanaona njoka pansi pa mpando wangawu, mukanangokhala chete?"

Rakele anawerama, n'kusuzumira pansi pa mpando mbali zonse ziwiri.

"Palibe njoka, a Tcheyamani."

"Ambuye ndichitireni chifundo! Idzutseni. Si ndinu amene munaphunzira?"

"Yakufa sindingaidzutse. Chofunika chinali kugula disiki yatsopano, kuiika m'malo mwa yakufayi, ndipo yamoyo ija ikanaigawira zonse. Zikanabwerera kukhala ziwiri."

"Ndiye tigule!"

"Tigule, koma ikopera kwa yani?"

A Kwenda anayang'ana pazenera. Fumbi la matola linali litakhazikika kale.

"Maina a alimi anga ali kuti tsopano?"

"M'jekete la a Stephano."

"Onse?"

"Onse, ndi fodya wawo yemwe. Ndi kalabu ya Dzoole yomwe."

"Pano palibe ngakhale limodzi? Ngakhale langa?"

"Ngakhale lanu."

"Koma uja ndi mthunzi chabe! Tinagwirizana kuti ndi mthunzi!"

"Munagwirizana nokha. Ine simunandifunse."

"Ndiye likulu..." A Kwenda anatembenukira kwa Rakele. "Likulu lili kuti?"

"Malamulo amati lili kumene kukusungidwa maina. Panopa lili pamwamba pa matumba a feteleza, likukwera mapiri. Madzulo likhala litafika ku Ntchisi."

"Ndipo tcheyamani..."

"Azichokera mbali ya likulu. Munalemba nokha, ndi dzanja ilo."

A Kwenda analiyang'ana dzanjalo ngati la munthu wina. Kenaka anadzambatuka.

"Njinga yamoto! Ndimupeza asanafike patali!"

Anatuluka liwiro kuzungulira kuseri. Kunamveka nkhuku ikutetera mokwiya, ndi njerwa ikugwa. Posakhalitsa anabwerera pang'onopang'ono, nthenga ili paphewa, n'kuima pakati pa ofesi.

"Tandiuzani, mayi," anatero ndi mawu a munthu wofunsa za odwala. "Pa kugawa kwa leroku, ife a pa Mponela tatsala ndi chiyani?"

Rakele anayang'ana bokosi lija, anayang'ana kanyali kofiira, kenaka anapita pazenera. Ananyamula chimene Stephano anasiya, n'kuchipukuta fumbi, n'kuchipereka ndi manja awiri, atapinda mawondo mwaulemu.

"Chisoti, a Tcheyamani. Mudandaula pang'ono, koma muzolowera."