Kompyuta Inakana Kudzuka, Ukwati wa Tomasi Uli M'kati

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene uthengawu wakupezani. Ine ndine Rozalina, ndimajambula makanema a maukwati kuno ku Mandimba. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene kompyuta yanga inauma gwa, itatsekera m'kati ukwati umene mayi wina wodwala ankaudikira.

Ukwatiwo unali wa Tomasi, mnyamata wa ku Massangulo. Amayi ake, mayi Luwiza, sanapezekeko. Anali chigonere kwa mwana wawo wamkazi ku Cuamba, kuyembekezera sitima yapamtunda yopita ku Nampula kuti akachitidwe opaleshoni. Tomasi anandiimbira foni m'mawa wina. "Achemwali, amayi akunyamuka mawa, ndipo madokotala sakulonjeza kanthu. Akufuna aone ukwati asanapite."

Kanema yense anali m'kompyuta yokha, chifukwa kadi ya kamera ndinali nditajambulirapo kale ntchito ina. Kompyutayi anandipatsa ndi mlongo wanga, ndipo anandichenjeza kuti ndi yokalamba, ndisamaizimitse, ndizingotseka chivindikiro kuti igone. Ine malangizowo ndinawagwira ngati lamulo la Mose. Ndikamaliza ntchito ndinkangoitseka, ndi kuikulunga m'kapulana, chitenje chathu chija, kuopa fumbi, zingwe zonse zili chilumikizire. Inali itayamba kale matukutuku: ndikaidzutsa inkachedwa, nthawi zina mawu osatuluka. Koma m'mawa umenewo, nditatsegula, chithunzi cha akwati chinangoima pomwepo. Kamuvi kosasuntha, mabatani osamva. Kenaka kunada bii, kumangomveka kachitsulo koziziritsa kakulira m'kati.

Abale anga, ndinachita mantha. Ine mtima wanga ndi wothamanga chibadwire, ndimalira maliro munthu akadali kutsokomola. Ndinatseka ndi kutsegula, ndinaipemerera ndi mbale, ndinafika poinyengerera ngati mwana. Batani lozimitsira ndinkaliopa, poganiza kuti ndikalidina ndiye kuti ukwati wafufutika. Foni ya mlongo wanga sinkapezeka. Tomasi ankangoimba, ine osayankha, chifukwa ndikanamuuza chiyani? M'maso mwanga ndinkangoona mayi Luwiza akukwezedwa m'sitima asanaone kanthu.

Ndinagwada pansi m'kashopu kanga, chitseko chili pululu. Pemphero langa silinali lokongola ayi. Ndinangoti, "Atate, musalole kuti mayi uja apite ndi mtima wosweka chifukwa cha ine."

Ndikudzuka, ndinaona pakhomo paima bambo Amisi. Awa ali ndi shopu ya makanema tsidya lina la msewu, ndipo tinkalimbirana makasitomala mpaka moni weniweniyo tinkapatsana wa m'mano. Ankachokera ku mzikiti. Mwa anthu onse a m'Mandimba, awa ndiwo sindikanafuna kuti andione ndikulira.

"Mayi, kwagwanji?" anafunsa.

Ndinawafotokozera zonse, manyazi nditawaika pambali. Anakhala pansi, nazula zingwe zonse, ndi kabokosi kanga kosungira makanema akale komwe kankangokhala kolumikizidwa ku kompyutayo. Atatero anadina batani lija osalisiya mpaka kompyuta inati zii. "Zimene munasunga sizichoka chifukwa chozimitsa," anatero. "Yanganso inandivutapo chonchi."

Anadikira kuti izizire, nayatsa. Inatenga nthawi, ine ndikupemphera chamumtima, mpaka kuwala kunabwera. Ukwati unalipo! Chinthu choyamba bambo Amisi anakopera kanemayo pa fulashi yawo. Kenaka anayamba kufufuza modekha: kuigoneka, kuidzutsa, kulumikiza chingwe chimodzi, kuyesanso. Atabwezera kabokosi kaja ndi kuigoneka, inaumanso podzuka. Anandiuza kuti kabokosiko kakagona sikadzuka, ndiye kamakoka kompyuta yonse. Anasintha kuti malo olumikizira asamagone, natsitsa zokonzera zatsopano pa intaneti ya foni yawo. Anandilangizanso kuti ndiziizimitsa ndikaweruka, ndipo ndileke kuifunditsa ikadali yotentha.

Masana omwewo ndinakwera shapa, minibasi zathu zija, fulashi ndi kompyuta ndili nazo pachifuwa. Njira yonse ndinkaopabe kuti ikakana pamaso pa wodwala. Ku Cuamba ndinapeza mayi Luwiza ataonda kwambiri, zikwama zitamangidwa kale. Anawakhazika tsonga ndi mapilo. Ndinayatsa, ndipo kwaya inamveka. Mayiwo sanaphethire. Pamene Tomasi ankaveka mkazi wake mphete, mayi Luwiza anagwira dzanja langa nati, "Bwezerani pamenepo, mwanangu." Ndinabwezera. Anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango, natembenukira kwa mwana wawo wamkazi. "Tsopano ndavina nawo. Sitimayo ibwere."

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda mutu la mkazi wamantha. Ndikuthokozanso bambo Amisi, amene anasiya shopu yawo yotseka chifukwa cha ine. Pamene ndikulemba izi mayi Luwiza akadali m'chipatala, ndipo za mawa sitikuzidziwa, choncho muziwakumbukira m'mapemphero. Inu amene zakuumirani lero, musataye mtima ndipo musaleke kupempha. Mayi uja anakwera sitima akuimba nyimbo ya pa ukwati wa mwana wake.