Telala Amene Anafuna Kuyesa Bokosi Lake

Nkhani iyi ndinaimva kwa dalaivala wa galimoto yonyamula maliro, amene anandikweza pobwerera, kumbuyo kulibe munthu. Akuti kunali telala wina wamtali ngati mlongoti, amene mkulu wake, wamtalinso, anaikidwa m'manda atamupinda mawondo chifukwa bokosi linachepa. Telalayo analumbira kuti iyeyo zimenezo ayi, ndipo tsiku lina analowa mu ofesi ya inshuwalansi ya maliro, tepi ili m'khosi.

"Takulandirani, bambo," anatero kalaliki akukonza tayi. "Tikuthandizeni chiyani?"

"Ndabwera kudzayesa bokosi langa."

"Mwamwalira?"

"Mukundiona bwanji?"

"Sitiloledwa kumuganizira kasitomala, bambo. Timafunsa."

"Ndili moyo, ndipo mwezi ndi mwezi ndimalipira. Tamverani, achimwene. Ine suti sindiipereka kwa munthu asanaiyese. Nanga chovala chogona nacho mpaka kalekale ndingochilandira m'chimbulimbuli?"

"Mabokosi athu ndi abwino. Palibe amene anabwerapo kudzadandaula."

"Ngakhale mmodzi?"

"Ngakhale mmodzi. Dandaulo amabweretsa yekha mwini inshuwalansi, pamaso ndi pamaso."

Telala anamuyang'anitsitsa kuti aone ngati akumuseka. Munthuyo sankaseka.

"Ndiye likadzandithina ndidzauza ndani?"

"Mudzabwere pa windo lachiwiri. Timatsegula mpaka Loweruka."

"Koma abale inu! Chabwino. Bokosilo limatuluka pakachitika chiyani?"

"Pakabwera uthenga wa maliro."

"Uthengawo ndabwera nawo. Telala uja watisiya."

Kalaliki anaimirira, namanga batani la jekete, naweramitsa mutu.

"Pepani kwambiri ndi zovutazi. Inuyo ndinu ndani wawo malemuwo?"

"Ndine mwiniwake."

"Aa, ndiye pepani kawiri. Anadwala nthawi yaitali?"

"Iyayi, wangofa ndi mkwiyo pompano."

"Thupi lili kuti?"

Telala anakankhira uko timabuku ta pa kauntala, nakwerapo, nagona chagada. Mapazi anakafika pa windo lachiwiri. Mayi wina amene ankalipira pamenepo anangosuntha chikwama chake, nayamba kanyimbo ka maliro chapansipansi.

"Yezani," anatero telala akupereka tepi. "Musaiwale mpata wa nsapato."

"Malemu sayankhula, bambo."

"Uyu amayankhula. Tulutsani bokosi."

"Bokosi sasankha malemu, amasankha namfedwa." Apa n'kuti kalaliki ataika kale foni kukhutu. "Halo, mayi? Kuno ndi ku inshuwalansi. Limbani mtima, amuna anu atisiya. Eya, ali pompano pa kauntala."

Telala anamwetulira ali chitsinzire. Ndi amuna angati amakhala ndi mwayi womva mmene akazi awo adzawalirire? Anatchera khutu.

"Akulira?" ananong'ona.

"Akufunsa ngati makiyi a kushopu ali m'thumba mwanu."

"Ali momwemo. Nanga kulirako?"

"Ali momwemo, mayi. Tsono mabokosi tili nawo aatali ndi apakati. Mukasankha lapakati, ndalama yotsalayo timakupatsani m'manja. Eya. Eya. Ndamva."

"Ati bwanji?"

"Akufunsa ngati lilipo lalifupi."

Malemu anadzambatuka. Kanyimbo ka pa windo lachiwiri kanathera pakhosi.

"Tandipatsani foniyo!"

"Sizingatheke, bambo, anamfedwa sitiwasokoneza. Akuti ndi kale lonse mumagona chodzipinda, mabondo kuchifuwa, ndipo simunadandaulepo. Akutinso firiji yawo inafa chaka chatha popanda woilira."

"Firiji! Ine andipinde ngati thalauza chifukwa cha firiji? Auzeni kuti ndauka!"

"Mayi, akuti auka." Kalaliki anamvetsera, akugwedeza mutu mwaulemu. "Akuti ndiye khalidwe lanu limenelo, simumaliza chimene mwayamba."

"Fufutani imfayo msanga!"

"Angaifufute ndi amene anabweretsa uthenga."

"Ndine!"

"Mogwirizana ndi mwini inshuwalansi."

"Ndinenso!"

"Ndiye khalani pabenchipo mukambirane kaye awirinu, chifukwa wina akuti wafa, wina akuti ayi. Tiyi ndibweretse makapu angati?"

Telala anatsika pa kauntala, namenyapo chibakera mpaka zolembera zinadumpha.

"Tagwirizana! Ndipo mumve bwino, inuyo ndi mayi wa firijiyo: ine sindifa. Mwamva? Kulipira ndizilipira, mwezi ndi mwezi, osaphonya, kuti muzingomeza mate. Koma mtembo wanga simudzauona. Bokosi lanulo mukagonemo nokha!"

Nkhope ya kalaliki inawala. Anaika foni pansi, nazungulira kauntala, namugwira telala dzanja ndi manja awiri.

"Bambo," anatero misozi ikulengeza, "chiyambireni ntchito ino, kasitomala womvetsa inshuwalansi ngati inu sindinamuonepo."

Dalaivala uja analumbira kuti telalayo akadali moyo, ndipo akulipirabe mwaukali. Zoti munthu wamkulu anagona pa kauntala ndikhoza kuvomera, ndaona zoposa apo m'maulendo angawa. Koma zoti kuli ofesi imene munthu amathandizidwa nthawi yomweyo, popanda womuuza kuti abwerenso mawa, pamenepo ndiye ndikukayika.